Pamwamba pa Mutu wa Chifu

Bokosi linakwera ngolo ya pachingwe kumunsi kwa phiri muli mikanda, ndipo linakafika pamwamba muli mpweya wokhawokha. Pakati pa malo awiriwa palibe poima, palibe makwerero, pali chingwe chachitsulo basi ndi mphindi khumi ndi imodzi zolendewera m'malere. Umu ndi mmene manijala Oyelaran anandifotokozera nkhaniyi pafoni, ndipo asanapume n'komwe anawonjezera kuti wakuba amugwira kale, ine ndingobwera ndi unyolo.

Ndine Sajeni Nkoyo Asibong. Ndagwira upolisi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo munthu akandiuza kuti ndingobwera ndi unyolo, ndimausiya dala m'kabati.

Chimene sindikanachisiya m'kabati ndi mantha anga. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala pa kapolisi ka pageti la paki ya Ugbala, ndikuona anthu akukwera ngolo zagalasi zija tsiku ndi tsiku, koma ine phazi langa linali lisanapondemo. Mulungu akanafuna kuti ndiziuluka akanandipatsa nthenga. Ndikafunika pamwamba ndinkakwera njinga yamoto, koma mvula ya sabata imeneyo inali itakokolola msewu, ndiye panalibenso kuchitira mwina.

Adie, bambo wa pachitseko cha kumunsi, anandiuza kuti ndiwerame chifukwa khomo ndi lalifupi, kenaka anakhoma ndi kiyi wake. Zitseko za ngolozi zimatseguka zokha ngolo ikalowa mu siteshoni, koma kukhoma amakhoma ndi munthu. Ndinaona kuti Adie, yemwe masiku onse sandilola kudutsa osandiseka, tsiku limenelo sanandiyang'ane m'maso, ndipo manja ake ankanunkha dizilo.

Ngolo inagwedezeka, pansi panathawa. Ndinadutsa pamwamba pa madamu osambira ndi ng'ona yasimenti ija imene ana amatsetserekera kukamwa kwake, kenaka mitengo, kenaka chigwembe chimene sindinachione bwino chifukwa ndinali ndikuwerenga zingwe za nsapato zanga. Nditatsala pang'ono kufika, ngolo inadutsa pamwamba pa bwalo la kapinga lodzaza mipando ya ukwati. Mipandoyo inali yopanda anthu.

* * *

Ukwatiwo unali wa mwana wamkazi wa Chifu Onyekwelu wa ku Onitsha, yemwe anachita hayala phiri lonse. Chifu ali ndi lamulo lake limene amayenda nalo kulikonse: munthu asakhale pamwamba pa mutu wake. N'chifukwa chake m'mawa anakwera woyamba, ngolo zonse zakutsogolo zili zopanda anthu, ndipo madzulo anati adzatsika womaliza. Akakhala pabwalo paja chingwe chiime, pasadutse ngolo. Ophika, okolopa ndi a pazitseko anali pamwambapo kuyambira mbandakucha, koma kwa Chifu wantchito sawerengedwa, ali ngati khwangwala wodutsa.

Wogwidwayo anali Felicia Akpanke, wa pachitseko cha pamwamba. Wagwira pamenepo zaka khumi ndi zinayi, ndipo paki yonse imamutchula kuti Mama Weramani, chifukwa mawu amenewo amawanena kangapo pa mphindi iliyonse. Anamutsekera m'kachipinda kosungira nsalu za pabedi. Ndinamupeza atakhala pamtolo wa mabulangete akudya mtedza, makoko ake akuwaunjika papepala limene manijala anamulembera kuti asayine.

Oyelaran anaima pakhomo n'kundiwerengera zimene zinali papepalapo. Felicia avomere kuti waba, akagwade pamaso pa Chifu ndi mkazi wake, ntchito ithe, koma nkhani isapite kukhoti. Anati uku kunali kumuchitira chifundo. Anamusecha osapeza kanthu, koma malinga ndi iye, mayiyo anaponya mikandayo kuthengo kuti akaitole mawa.

"Oga, ine ndimagwadira awiri," anatero Felicia kwa bwana wakeyo osakweza mawu. "Mulungu ndi amayi anga. Mulungu sanandiitane lero, ndipo amayi anga anagona kalekale."

Oyelaran anatambasula dzanja kuti apereke kiyi wa ngolo amene anali m'khosi mwake. Felicia anaulowetsa mkati mwa bulauzi. Anati kiyiyo anapatsidwa ndi mainjiniya atakhoza mayeso, ndipo pamwamba ponse palibenso wina wololedwa kuugwira, ngakhale manijala ndi tayi yake.

Nditamutulutsa manijala, Felicia anandiuza zake mwachidule. Ngolo nambala 21 inafika ili ndi zilazi, zigubu za uchema ndi bokosi lamatabwa losema. Iye ananyamula bokosilo, kuyenda masitepe khumi, n'kulipereka m'manja mwa mkazi wa Chifu, yemwe anali atangotsika ngolo nambala 20. Mayiyo atatsegula anayamba kukuwa. Mphindi zisanu zisanathe, woyendetsa mwambo anali atalengeza pa chimkuzamawu kuti alendo asade nkhawa, wakuba wapezeka, ndi mayi wa pachitseko.

"Mpongozi wanga amaphika kukhitchini kuno," anatero. "Theka la antchito awa timapemphera tchalitchi chimodzi. Ntchito kaya, Sajeni, koma dzina langalo alibweza."

Mayi ameneyu anabwezapo foni, mphete ndi zikwama zosawerengeka zimene alendo amaiwala m'ngolo, ndipo zonsezo zinadutsa padesiki panga.

* * *

Chifu anali m'chipinda chachikulu cha hotela, atavala chipewa chofiira cha nthenga ya chiwombankhanga. Kumanja kwake kunali mkazi wake, Lolo Uzoamaka, akudzikupiza. Kumanzere kunali mlongo wake wamkulu, Dada Nwanyieze, mayi wokalamba wowonda amene ankatafuna mtedza wa kola ngati nkhaniyo sikumukhudza. Amayi onse awiri anavala asoebi, nsalu yofanana imene abale amavala paukwati, ndi maduku agolide ataliatali, monganso akazi ena onse apaukwatiwo.

Lolo sanadikire kufunsidwa. Anati mikandayo ndi yofiira ya m'nyanja, mizere isanu ndi iwiri, ya malemu apongozi ake, ndipo popanda imeneyo mwana wake sangaperekedwe kwa mwamuna. Anaiwerenga yekha kumunsi, natseka bokosi, ndipo Adie analilowetsa m'ngolo ya katundu iye akuona. Kenaka anakwera ngolo yakutsogolo kwake n'kukhala chotembenuka.

"Maso angawa sanachoke pa ngolo imeneyo," anatero, akuloza maso akewo ndi zala ziwiri. "Ngakhale kuphethira. Ndiye iwe wapolisi ukufufuzanso chiyani? Kapena mumagawana?"

Ndinafunsa ngati panali china chachilendo panjira. Oyelaran anayankha mofulumira kuti chingwe cha pa Ugbala sichinaimepo chiyambire, ndipo Lolo anavomereza kuti ulendo unali wosalala.

Chifu analankhula kamodzi kokha, akuyang'ana khoma. Anati ikamakwana 3 koloko akufuna mikanda ili m'khosi mwa mwana wake kapena mkazi uja ali pamaondo, ndipo kaya zikhala bwanji, atsitsidwe m'phirimo iye asanatsike.

"Wakuba sadzatsala pamwamba pa mutu wanga," anatero.

Ndikutuluka, Dada Nwanyieze anachotsa kola pakamwa n'kunena motsitsa kuti mayi wa pachitseko uja asamumenye. Nthawi inali itadutsa 1 koloko.

* * *

M'ngolo nambala 20 munakwera amayi asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo Lolo. Anayi anandiuza kuti sayankhula ndi apolisi pa tsiku la ukwati. Wachisanu, Anti Chinyelu, ndinamupeza kuseri kwa khitchini akulawa mpunga wa jolofu m'mapoto onse motsatana, ndipo iyeyu vuto linali kumuletsa.

"Lolo? Kuyang'ana ngolo?" Anaseka mpaka kutsamwa. "Mwana wanga, tisanadutse n'komwe mpanda anali atadzifunda kale nsalu kumaso, akuitana oyera mtima mmodzimmodzi. Ena sindinawamvepo chibadwire. Chikhatho changa ichi, taona, zikhadabo zake izi."

Ndinafunsa ngati iye anayang'ana ngolo yakumbuyo. Anati ayi, iye maso ake anali pansi, chifukwa munthu ukamafa ndi bwino kudziwa pamene ukagwere. Anayamba kundifotokozera za mwamuna wake woyamba amene anagwa mumtengo wa kanjedza, ndipo ndinali nditatsala pang'ono kumusiya pamene anatchula ng'ona.

"Ija yasimenti ija. Ndinaiona kawiri. Tinaidutsa, ine n'kuti zikomo Yesu. Basi ngolo zii, yaima. Tinalendewera pamenepo mpaka ndinatsiriza korona yonse. Kenaka ndikuona ng'ona ija ikubweranso, kukamwa yasa! Ndinati lero yatipeza."

Ndinamufunsa bwinobwino ngati akutanthauza kuti ngolo inabwerera chambuyo. Anandiyang'ana ngati ndine wogontha. Anati nanga ng'ona yasimenti imayenda?

* * *

Mu siteshoni ya pamwamba muli foni yolumikiza masiteshoni awiriwa. Adie anayankha italira kasanu ndi kawiri. Poyamba anati sakudziwa kanthu, chingwe chinayenda bwinobwino. Ndinamuuza kuti manja ake akununkha dizilo mpaka kuno, ndipo Mama Weramani, amene anamuphunzitsa ntchito, watsala ndi ola limodzi. Apo zonse zinakhuthuka.

Magetsi anazima ngolo 21 itangotuluka mu siteshoni. Zikatero, anati, pamafunika anthu awiri kukadzutsa jenereta, ndiye iye anathamangira kuseri kukathandiza woyendetsa makina. Ndipo jenereta ikadzuka sayendetsa chingwe kutsogolo nthawi yomweyo. Amayamba achibweza m'mbuyo mpaka ngolo yomaliza italowanso mu siteshoni, kuti aone ngati yagwira chingwe molimba. Amachita zimenezi nthawi zonse, koma manijala anawalumbiritsa kuti mlendo asadzamve kuti pa Ugbala magetsi amazima.

"Ndiye ngolo 21 inabwerera, chitseko n'kutseguka chokha," ndinatero. "Iwe unali kuti?"

"Ndinali ndidakali kujenereta, Sajeni. Mwina mphindi zitatu. Nditabwera ndinangokhomanso, sindinasuzumire m'bokosi. Akamva kuti ndinachoka pachitseko andichotsa ntchito, ndili ndi ana anayi."

Ndinamufunsa amene anatsala kumunsi nthawi imeneyo. Anati amayi asanu ndi anayi kapena khumi, ambiri ali m'chipinda chodikirira akukangana za woyamba kukwera. Mayina? Nkhope? Anati Sajeni, onse nsalu imodzi, duku limodzi, ndipo iye maso ake anali pachingwe kuopa kuti chiimanso.

Apa ndiye ndinagwira njakata. Akazi ovala asoebi anali oposa makumi asanu ndi atatu, onse abale a Chifu kapena a mkwati, ndipo kusecha mmodzi yekha kukanandivulitsa yunifolomu tsiku lomwelo.

Ndinabwerera kwa Felicia n'kumuuza. Anasiya kutafuna. Anandifunsa ngati ndikudziwa chifukwa chake ngolo 21 imangonyamula katundu. Anati chitseko chake chimalimba, ndiye Adie amachipaka girisi wakuda pamwamba pa khomo m'mawa uliwonse, ndipo antchito onse amalowamo chonyonyomala. Mlendo sangadziwe zimenezo.

Ngoloyo manijala anali ataipatutsira pa kanjanji ka pambali. Ndinakwera pa chigubu cha uchema n'kuyang'ana pamwamba pa khomo. Girisi anali wochindikala mbali zonse, kupatula pakati pomwe china chake chinamupukuta. Pamenepo panamatirira timaulusi titatu tagolide.

* * *

Pofika 2 koloko alendo anali atakhala pabwalo, Chifu kutsogolo, chingwe chitaima monga mwa lamulo lake. Ndinayenda pakati pa mipando ngati wofuna chimbudzi. Zinali zopanda phindu. Ine ndine wamfupi, ndipo maduku amenewo ndi aatali ngati madengu, opindidwa mwakuti pamwamba pake ngakhale mwini wake sapaona pagalasi. Ndinapempha mayi wina kuti aweramitse mutu pang'ono, ndipo anandifunsa dzina la bwana wanga ndi la abambo anga.

Panali malo amodzi okha oonera mitu yonseyo nthawi imodzi. Ndinayang'ana kumwamba, kuchingwe kuja.

Ndinatsegula kachipinda kaja n'kumuuza Felicia kuti ndikufuna andikhomere chitseko. Oyelaran anatithamangira. Anati Chifu ali pabwalo, ngati ndidutsa pamwamba pake ndiye kuti paki yatha, iye watha, ndipo ine ndikalondera mbuzi kumalire. Ndinamuuza kuti mbuzi sindidana nazo. Ndinaimbira Adie kuti auze wa makina ayendetse chingwe pang'ono, achiimitse ndikakweza dzanja Felicia n'kumuuza pafoni, kenaka achibweze monga amachitira. Adie anati Sajeni mundiphetsa. Ndinati wafa kale, sankha pofera.

"Weramani, Sajeni," anatero Felicia, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamwetulira.

Ngolo inatuluka pang'onopang'ono. Oimba ndiwo anayamba kuona, lipenga linathera panjira. Kenaka ndinamva mfuu wa anthu mazana awiri, ndipo Chifu anadzuka, ndodo yake ikuloza kumwamba. Mawu ake sanandifike, koma tanthauzo lake linafika. Ndinakweza dzanja, ngolo inaima pamwamba pa mutu wake penipeni, ikugwedezeka uku ndi uku.

Apa ndinazindikira kupusa kwanga. Aliyense anali atayang'ana kumwamba, ndipo ndinkangoona nkhope ndi mano. Ndinagwada pansi pa ngoloyo, mphumi pagalasi, n'kudikira. Khosi la munthu limatopa. Mmodzimmodzi anayamba kuweramitsa mitu, ena kunong'onezana, ena kufunafuna mafoni m'zikwama. Ndinayenda ndi maso mzere ndi mzere, golide, golide, golide.

Mutu umodzi wokha ndi umene sunayang'ane kumwamba chiyambire. Unali pamzere woyamba, kumanzere kwa Chifu. Pamwamba pa dukulo panali mzere wakuda, wautali ngati chala changa.

Ndinakwezanso dzanja, ndipo ngolo inayamba kubwerera chambuyo, anthu onse akuona ndi maso awo chinthu chimene manijala anati sichichitika.

* * *

Ndinatsikira pabwalo Felicia ali pambuyo panga. Chifu anali akufuula kuti aimbe foni kwa akuluakulu anga, koma ndinamudutsa. Ndinagwada pafupi ndi Dada Nwanyieze monga ndikanachitira kwa amayi anga, n'kumuuza chapansipansi kuti duku lake lada pamwamba.

Dada anamasula dukulo pamaso pa anthu onse, imvi zili mbee, n'kuona girisi uja. Anaseka pang'ono. Anadzuka, namasula nsalu yapamwamba, ndipo m'chiuno mwake munali mizere isanu ndi iwiri ya mikanda yofiira.

"Sindinabe," anatero mokweza, akuyang'ana mlongo wake. "Amayi atatsala pang'ono kutsirizika anati mikanda iyi ndi ya mwana wamkazi. Mwana wamkazi wa mayi amene uja ndi ndani, Onyekwelu? Ndiwe? Unaitsekera m'sefa mwako zaka makumi atatu, lero ukuipereka ngati yako, ine ndili moyo, osandifunsa n'komwe. Ngolo inabwerera yokha n'kunditsegulira chitseko. Ndinati awa ndi amayi."

Lolo anakhala pansi mwadzidzidzi. Ine ndinauza Dada kuti za mikanda akambirana pabanja, koma kwa maola atatu iye anakhala akutafuna kola pamene mayi wosalakwa anali wotsekeredwa.

"Ndinati asamumenye," anatero Dada.

"Anandimenya, Mama," anayankha Felicia. "Ndi chimkuzamawu."

Dada anapita kwa Felicia, namugwira dzanja ndi manja ake onse awiri, n'kunena kuti wachimwa, amukhululukire. Anali munthu yekhayo pabanja lonselo amene ananena mawu amenewo.

Zotsalazo zinayenda monga zimayendera khoswe akakhala pamkhate. Chifu anati ndi nkhani ya m'nyumba, palibe mlandu. Dada anamuveka yekha mkwatibwi mikandayo, akunena momveka kuti akumupatsa ndi iye, mwini wake. Oimba anayambiranso. Woyendetsa mwambo analengeza kuti mikanda yapezeka mwa chisomo cha Mulungu, basi, osatchula dzina la munthu. Oyelaran, amene tsopano anali ndi nkhani yake ya magetsi yoti aibise, anandilonjeza kuti Adie sakhudzidwa, kenaka anauza Felicia kuti abwerere pachitseko, zapitazo aziiwale.

Felicia anabwerera pachitseko. Za kuiwala sanayankhe.

* * *

Alendo anayamba kutsika cha m'ma 5 koloko. Chingwe chimatsekedwa 6 koloko chifukwa cha mphepo, ndipo nkhungu inali itayamba kukwera kuchokera m'chigwembe. Felicia anakhomera aliyense, akwati, azakhali, oimba ndi ng'oma zawo, Anti Chinyelu ndi mapoto awiri a zotsala. Ine ndinatsalira, ndikunamizira maondo.

Pomaliza anafika Chifu ndi Lolo, manijala ali pambuyo atanyamula ndodo. Ophika, okolopa ndi operekera zakudya anali atasonkhana pakhomo pa siteshoni ngati akudikira basi. Ngolo inafika, chitseko chinatseguka. Felicia anakhala pa kampando kake n'kupinda manja.

Oyelaran anamufunsa kuti akudikira chiyani.

"Ndikutsata lamulo la Chifu, Oga," anatero. "Anati wakuba sadzatsala pamwamba pa mutu wawo. Ine ndimagona konkuno, ndipo chitsekochi ndimakhoma ndili kunja. Akatsika, ndikhala pamwamba pawo mphindi khumi ndi imodzi, ndi usiku wonse. Ndipo monga mmene anthu anamvera pa chimkuzamawu, ine ndidakali wakuba."

Manijala anati apereke kiyi akhome yekha. Felicia anayang'ana ine. Ndinati malamulo a chingwe salola munthu wopanda mayeso kukhoma ngolo ya anthu, ndipo ameneyo ndiye ndingamutengeredi unyolo. Lolo anati mkazi ameneyu ndi wamwano. Felicia anavomera kuti ndi zoona, wayamba lero.

Ngoloyo inazungulira n'kupita yopanda munthu. Inabwera ina, nayonso inapita. Mphepo inayamba kuliza chingwe, ndipo Lolo, amene ankadziwa bwino kuti ngolo imatani mphepo ikaomba, anagwira mkono wa mwamuna wake. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi khumi ndi zisanu. Chifu anayang'ana msewu wokokoloka uja, anayang'ana antchito, kenaka kwa nthawi yoyamba tsiku lonselo anamuyang'ana Felicia kumaso.

"Ukufuna chiyani?"

Felicia analoza chimkuzamawu cha siteshoni, chimene chimamveka pamwamba ndi kumunsi komwe, kumene alendo onse anali akudikira pafupi ndi magalimoto awo.

"Dzina langa ndi Felicia Akpanke," anatero. "Mulitchule lonse."

Chifu anatenga chimkuzamawucho. Mawu ake anamveka m'phiri lonse, owuma ngati akutafuna mchenga. Anati Felicia Akpanke sanabe kanthu, ananamiziridwa m'dzina lake, ndipo iye, Onyekwelu, akupepesa. Kukhitchini wina analuluta, ndipo ndikukhulupirira kuti anali mpongozi uja.

Felicia anadzuka, natulutsa kiyi m'bulauzi, naima pambali pa khomo pamene waima zaka khumi ndi zinayi. Lolo analowa msanga. Chifu anafika pakhomo lalifupilo n'kuima, nthenga ya chipewa chake itagunda chitsulo.

"Weramani, bwana," anatero Felicia, ndi mawu omwe aja amene amauza aliyense.

Chifu anavula chipewa, nawerama pamaso pake, nalowa. Felicia anakhoma. Tinaima pamenepo tonse, iye, ine, ophika ndi okolopa, tikuyang'ana dazi la Chifu likutsika pansi pathu mpaka nkhungu inalimeza.